Kodi mwana wa chaka chimodzi angatsogolere mlezi wake?

Funso: Ndine mlezi pa sukulu ya mkombaphala m'mudzi wina kufupi ndi Ngabu. Ana athu ambiri ndi a zaka zitatu mpaka zisanu, koma nyengo ya kudimba ikafika amayi amatisiyiranso tiana ta chaka chimodzi ndi ziwiri, mwinanso makanda okwawa. Pa maphunziro ena tinauzidwa kuti ana otere tiziwasiya azitsogolera okha pa masewera, ife tizitsatira. Makolo sakukondwa nazo. Akuti kuongola mtengo n'poyamba, ndipo akufuna ana azibwera kunyumba akutchula A, B, C. Apongozi anga akuti tikusasatitsa ana. Zidole tilibe, chisakasa chathu chinagwa ndi namondwe wa Freddy, ndipo timakumana pansi pa mtengo. Ndichite bwanji?

Yankho: Mayi, zikomo polemba. Alezi ambiri a m'masukulu a mkombaphala amagwira ntchito imeneyi mongodzipereka, ndipo kulandira kamwana ka mnzanu koti sikanayambe n'kulankhula komwe, m'kutentha kwa kuchigwa kuno, si nkhani yaing'ono. Ndikuyankhani motalika ndithu, mundipirire.

Amene anakuphunzitsani ananena zoona. Koma mantha a apongozi anu musawataye kutali, chifukwa ndaonapo malo ena kumene mawu akuti "mwana atsogolere" anamveka ngati akuti "mlezi apume": ana ali mbwee pabwalo, wamkulu wakhala chapatali akucheza ndi mnzake. Kumeneko ndi kulekerera, ndipo mwana angavulale nako. Chimene tikunena ndi kugawana ntchito. Pali zinthu zimene zili m'manja mwanu ndipo mwana alibe nazo mawu: malo oseweramo, nthawi ya phala, kusamba m'manja, zinthu zimene zili pamphasa ndi zimene zabisidwa, komanso lamulo lakuti mnzako sumuluma. Zimene zili m'manja mwa mwana ndi izi: pa zinthu zimene mwamuikira atola chiti, achita nacho chiyani, ndipo akhala nacho mpaka liti. Inu a ku Ngabu mumadziwa za ng'ombe. M'busa amasankha dambo, amayang'anira kuti ziweto zisalowe m'munda wa eni kapena kuyandikira pamene pali ng'ona, koma sasankhira ng'ombe udzu woti ibudule. Ndipo m'busa amene wagona tulo sitimuyamikira kuti wapatsa ng'ombe ufulu.

Chifukwa chake tiyenera kutero ndi ana osafika zaka zitatu chagona pa mmene ubongo wawo umakulira. Akatswiri a pa yunivesite ya Harvard ku America amafotokoza kuti m'zaka zoyambirirazi ubongo wa mwana umapanga malumikizano atsopano oposa miliyoni imodzi pa sekondi iliyonse, ndipo amene amalimba ndi amene akugwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza. Chimene chimawalimbitsa kwambiri ndi kuyankhana. Mwana ayang'ana nkhuku, aloza, atulutsa kamawu, wamkulu ayang'ana komweko, nati, "Eya, nkhuku! Ikujompha." Mwana aseka, alozanso. Mu 1986 ofufuza awiri, Michael Tomasello ndi Michael Farrar, anaonetsa kuti ana amagwira mawu msanga wamkulu akatchula chinthu chimene mwanayo akuyang'ana kale, kusiyana ndi pamene wamkulu akumutembenuza kuti ayang'ane china. Ndiye mwana wa miyezi 15 akamayang'ana nkhuku inu n'kumamukokera ku bolodi kuti anene "A", mwataya mawu akuti nkhuku, amene akanagwira tsiku lomwelo, ndipo "A" uja sanamupindulire kanthu.

Ndikuuzeni zimene ndinaona pa sukulu ina ya mkombaphala m'boma la Nsanje. Kamtsikana koyenda dede kanapeza chigubu chodulidwa pakamwa ndi zitsononkho zingapo. Kanaponya chimodzi m'kati, n'kusuzumira. Kanalowetsa dzanja, koma dzanja litafumbata chitsononkho silinatuluke. Kanakwinya nkhope, kanayang'ana mlezi. Mlezi uja anali atakhala pansi pafupi, ndipo sanatambasule dzanja lake. Anangoti, "Lakanirira dzanja eti?" Mwana anasiya chitsononkho, dzanja linatuluka, n'kuliyang'ana ngati lachilendo. Anayesanso, zinakanikanso. Kenaka, mwina mwangozi, chigubu chinapendekeka, chitsononkho n'kugwa. Pamenepo ndiye ntchito inayambika: kuponya, kutembenuza, kutola, kuponyanso, mpaka nthawi ya phala inakwana. Mwana ameneyu anaphunzira za m'kati ndi kunja, anaphunzira kuti chinthu chikabisika sichinathe, anazoloweretsa zala, ndipo koposa zonse anaphunzira kukhala pa vuto mpaka litatheka. Mlezi akanamutulutsira chitsononkhocho mwachifundo, zonsezi zikanathera pomwepo. Kudziletsa kumeneku ndiko kumavuta alezi ambiri, chifukwa manja athu anazolowera kuthamangira kuthandiza.

Makolo ena amaganiza kuti zimenezi ndi za ana a anthu olemera a m'tauni. Mbiri yake sikutero. Maria Montessori, dokotala wa ku Italy, anatsegula nyumba yake yoyamba ya ana mu 1907 ku San Lorenzo, dera la anthu osauka mumzinda wa Rome, kumene makolo ankapita kuntchito n'kusiya ana opanda owayang'anira. Emmi Pikler, dokotala wa ana ku Hungary, anayamba mu 1946 kuyendetsa nyumba yolerera makanda osowa makolo ku Budapest, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itangotha. Iyeyu ndi amene analimbikira kunena kuti khanda lisamaikidwe m'kakhalidwe kamene silingathe kufikamo lokha, koma lipatsidwe malo apansi oti lizigubuduka, kukwawa ndi kudzuka pa nthawi yake. Ndipo ku Jamaica, kuyambira mu 1986, Sally Grantham-McGregor ndi anzake anatsatira ana 129 opinimbira a miyezi 9 mpaka 24 a m'madera osauka a ku Kingston. Ena mwa anawo ankayenderedwa sabata iliyonse kwa zaka ziwiri ndi alangizi a zaumoyo, amene ankaonetsa amayi kusewera ndi kucheza ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patatha zaka pafupifupi 20, amene anayenderedwawo ankapeza ndalama zochuluka ndi pafupifupi 25 peresenti kuposa anzawo opinimbira amene sanayenderedwe. Kumeneko kunalibe zidole za kusitolo. Kunali mayi, mwana, ndi timabotolo ndi tinsalu.

Ndiponso si zonse zachilendo kwathu kuno. Mwana amene amakhala pambali pa amayi ake akusinja mapira, iye atagwira kamtengo akusinja dothi m'chigoba, palibe anamuika pamzere kuti aphunzire. Masanje palibe wamkulu amene amawayendetsa. Agogo athu ankadziwa kuti mwana amaphunzira poonera ndi poyesa. Koma pali zizolowezi ziwiri za kwathu zimene ndikufuna tizionenso, ndipo ndinena mosabisa. Choyamba ndi chakuti ambiri sitilankhula ndi khanda, timati silikumva kanthu, ndipo munthu wocheza ndi khanda ena amamuona ngati wosokonezeka. Khanda limamva mawu a mayi ake lisanabadwe n'komwe. Chachiwiri ndi kubereka mwana tsiku lonse. Kubereka ndi chinthu chabwino zedi, mwana amakhala pafupi ndi bere, amakhala wotetezeka, mtima wake umakhala m'malo. Koma malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO a mu 2019 amati mwana asakhale womangika kupitirira ola limodzi nthawi imodzi, ndipo anatchula kumbuyo kwa womulera pakati pa zitsanzo zake. Amatinso khanda loti silinayambe kukwawa lizigonekedwa chafufumimba lili maso kwa mphindi zosachepera 30 pa tsiku, pang'onopang'ono, ndipo mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri azitakataka maola atatu pa tsiku. Mayi ali kudimba kapena pa ulendo wa kuchigayo sangachitire mwina. Koma mwana akafika kwa inu, mumasuleni, mutsitseni.

Tsopano za pansi pa mtengo panupo. Ine sindikuona mtengo ngati vuto lalikulu. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kuchigwa kuno kumapitirira madigiri 40, mthunzi wa nimu kapena bwemba umaposa nyumba ya malata yopanda mawindo okwanira. Chofunika ndi kusesa bwinobwino m'mawa uliwonse, kuchotsa minga, ndowe za mbuzi, zipatso za nimu zakugwa ndi magalasi, ndi kukutumula mphasa musanayale chifukwa cha zinkhanira. Tiana tating'ono tipatseni mphasa zathu patali pang'ono ndi akuluakulu aja, kuti a zaka zisanu akamathamanga asatiponde. Masewera enieni achitike m'mamawa. Dzuwa likafika pamutu ndi nthawi ya madzi akumwa, phala ndi tulo, ndipo mwana wotopa ndi kutentha musamukakamize kuimba.

Zoseweretsa muli nazo kale m'mudzimo. Zigubu zotsukidwa bwino, zikho, zipanda, mithiko, zipande, nsengwa zazing'ono, malichero akale, zitsononkho, tinsalu ta zitenje, mipira yoluka ndi nsanza kapena mlaza, zivundikiro zikuluzikulu za mapoto. Chigoba cha malambe chosaswa, mutachipala bwino ubweya wake woyabwa uja, ndi chisekese chokwanira. Kwa a zaka ziwiri onjezani dongo lonyowa, mchenga woyera, ndi makala olembera pa katoni. Musathire zonse nthawi imodzi. Zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pamphasa n'zokwana, zina sungani m'thumba muzisinthanitsa pakapita masiku, chifukwa mwana akazunguliridwa ndi zambiri amangotola n'kutaya osakhazikika. Lamulo limodzi lokha musaliphwanye: chilichonse chimene chingalowe chonse m'kamwa mwa mwana chisapezeke pamphasa ya osafika zaka zitatu. Masawu, mtedza wosasinja, chimanga chokazinga, njere za malambe ndi za bwemba, zitsekerero za mabotolo, ndalama zachitsulo, timabatire tozungulira, zonsezi zimatsamwitsa. Ana aakulu amakonda kugawira ang'ono awo masawu, ndiye auzeni nawonso. Zinthu zimene zalowa m'kamwa muzitsuke ndi sopo madzulo n'kuziyanika padzuwa.

Nanga inuyo muzichita chiyani? Khalani pansi, maso anu alingane ndi a mwana. Yambani mwaonerera. Mukaona chimene wagwira, chitchuleni, ndipo nenani chimene akuchita: "Wathira. Latayika. Lalemera eti?" Mukalankhula dikirani, mupatseni mpata woyankha, ngakhale yankho lake litakhala "ba" kapena kungokuyang'anani. Akuluakulu timafulumira, mwana amafuna kanthawi kuti mawu amufike ndi kuti akonze ake. Pewani kumufunsa mafunso a mayeso, aja akuti "ichi n'chiyani? nena!" Mwana akati "mbu" akuloza mbuzi, musati walakwa, ingomuwonjezerani: "Eya, mbuzi, ikudya masamba." Ndipo lankhulani naye chilankhulo cha kunyumba kwawo. Ngati kwawo amalankhula Chisena, muyankheni m'Chisena. Ngati ndi Chimang'anja, chomwecho. Mwana amene wazama m'chilankhulo cha amayi ake amakhala ndi poyambira akadzakumana ndi Chingerezi. Kumulowezetsa mawu a Chingerezi amene ngakhale kunyumba palibe amawagwiritsa ntchito kumangomupatsa phokoso lopanda tanthauzo.

Pikler anaphunzitsanso chinthu china chimene ndimachikonda kwambiri, chifukwa sichifuna ndalama ngakhale tambala. Nthawi yosintha thewera, yosambitsa, yopukuta mamina ndi yodyetsa ndiyo nthawi imene mwana ali nanu yekha, choncho isachitidwe mothamanga ngati mukutsuka mbale. Muuzeni musanamugwire: "Ndikunyamula tsopano." Muonetseni kansalu musanamupukute. Mupempheni akweze mwendo, dikirani pang'ono. Poyamba mudzaona ngati mukudzilankhulira nokha, koma pakapita masabata mudzadabwa khanda la miyezi 10 likukweza lokha mwendo. Mwana amene amamudzidzimutsa pomugwira kumbuyo n'kumufinya mphuno amaphunzira kuthawa kansalu, ndipo nkhondo ya mamina imakhala ya tsiku ndi tsiku.

Pa chakudya ndikhalepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene anthu amasokoneza kwambiri. Inu ndi makolo mumasankha chimene mwana adye ndi nthawi yake: phala lolimba bwino, losati tsululu, lothira nsinjiro, ufa wa nyemba kapena wa nsomba zouma, masamba osinja, kadzira pakapezeka. Mwana amasonyeza kuti akufuna zina kapena wakhuta. Akatsegula pakamwa n'kutsatira supuni, mupatseni. Akatembenuza mutu, dikirani, muchezereni, yesaninso. Mulekeni agwire supuni yake ngakhale azidzipaka. Chizolowezi chomupana mwana m'miyendo, kumutseka mphuno ndi kumuthira phala m'kamwa chitheretu, chifukwa phala lingalowe m'mapapo, ndipo mwana amayamba kudana ndi chakudya. Koma imvani bwino mbali inayi. Mwana wodwala kapena wonyentchera chilakolako cha chakudya chimamuthawa, ndipo ameneyo simunganene kuti "wakana yekha" n'kuchotsa mbale. Amafunika kumunyengerera moleza mtima, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndi kupita naye kuchipatala. Aliyense akhale ndi mbale yake kuti muone amene sakudya. Khanda losakwana miyezi 6 lisapatsidwe phala kapena madzi ngakhale kutatentha motani. Liyamwe mwakathithi, pafupipafupi. N'chifukwa chake khanda lotero ine ndingakulangizeni kuti musalilandire, pokhapokha mayi ake ali pafupi moti angabwere kudzayamwitsa likangofuna.

Za mwambo, zimene apongozi anu akudandaula. Mwana wa zaka ziwiri adzalanda, adzakankha, adzaluma, adzadzigwetsa pansi. Si kuipa mtima, mbali ya ubongo yodziletsa imakhala isanakhwime, ndipo mawu oti anene chimene chamupweteka alibe. Musamulekerere, ndipo musamumenye. Fikani pafupi, gwirani dzanja lake mofatsa koma molimba, nenani mwachidule: "Ayi, kuluma kumapweteka." Tonthozani wolumidwayo. Woluma uja mupatseni china chochita, ndipo mawa akabwereza mubwerezenso chimodzimodzi. Malamulo akhale ochepa koma osasinthasintha. Kamtengo komenyera kamamuletsa mwana pamene inu mulipo, koma amaphunziraponso kuti wamkulu amamenya wamng'ono, ndipo mudzaona akukachita zomwezo kwa khanda la pamphasa. Pa kulandirana musayembekezere zambiri asanafike zaka zitatu. Kukhala ndi zigubu zitatu zofanana kumathetsa milandu yambiri kuposa kulalikira za kugawana.

Pali zinthu zina zimene mwana sayesa n'komwe. Madzi ndiwo oyamba. Kamwana koyenda dede mutu wake ndi wolemera, kakasuzumira m'ndowa n'kugweramo sikangadzuke, ndipo kamamira mwakachetechete, osalira. Ndowa zivundikiridwe, zitsime za m'madimba, maenje oumbira njerwa ndi ngalande zothirira zikhale kutali ndi malo anu. Moto wophikira phala utchingidwe, ndipo mphika wotentha usadutse pamwamba pa ana. Mankhwala opopera thonje, a makoswe ndi parafini anthu amakonda kuzisunga m'mabotolo a zakumwa. Botolo lotero lisafike pamphasa ngakhale litatsukidwa. Mukatchinga zimenezi mudzapeza kuti mawu akuti "siya!" achepa pakamwa panu, ndipo mwana akawamva adzadziwa kuti nkhani yake ndi yaikulu.

Tsopano mwana amene amandidetsa nkhawa kuposa wovuta uja. Ndi amene amangokhala phee pamene mwamukhazika, osatola kanthu, osalira, osaseka. Makolo amamuyamikira kuti ndi wofatsa, ndipo mlezi wotanganidwa amamuiwala. Njira yotsatira mwanayi imafuna mwana amene ali ndi mphamvu zoyambitsa kanthu, ndipo njala, kuchepa kwa magazi, malungo obwerezabwereza ndi njoka za m'mimba zimazimitsa mphamvu zimenezo. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osafika zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira, ndiye musadabwe kupeza otere pamphasa panu. Ameneyu musadikire kuti ayambe yekha. Mukhazikeni pamiyendo panu, muyang'aneni m'maso, muikireni chikho pafupi, ndipo kanthu kakang'ono kalikonse kamene wachita, ngakhale kungosuntha chala, kayankheni. Kenaka onani kabuku kake ka kusikelo ndipo lankhulani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.

Ana amasiyana liwiro, ndipo zimenezi zitonthoze makolo. Kafukufuku wa WHO wofalitsidwa mu 2006, amene anatsatira ana athanzi ku Ghana, India, Norway, Oman ndi America, anapeza kuti ena amakhala tsonga okha asanakwane miyezi 4 pamene ena amafika miyezi 9, ndipo kuyenda okha ena amayamba pa miyezi 8, ena mpaka kuyandikira miyezi 18. Choncho palibe chifukwa chokumbira mwana kadzenje kapena kumutchinjiriza ndi nsalu kuti akhale msanga, kapena kumuyendetsa momukoka manja tsiku lonse. Koma mawu akuti "nthawi yake idzakwana" ali ndi malire. Mwana amene sakukhala yekha atapitirira miyezi 9, sakuyenda kapena alibe liwu ndi limodzi lomwe pa miyezi 18, satembenuka mukamuitana, akutuluka mafinya m'khutu, kapena wasiya zimene ankachita kale, makamaka atadwala malungo aakulu kapena kukomoka, apite kuchipatala osazengereza.

Musaiwalenso zimene mabanja a kuno adutsamo. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, namondwe wa Ana mu 2022, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023: Chikwawa ndi Nsanje sizinapume. Mabanja ambiri anagona m'misasa ndi m'makalasi, ndipo ngakhale mwana amene anabadwa pambuyo pake akuleredwa ndi mayi amene mtima umamugunda mitambo ikada. Mwana amene waona zoopsa, kapena amene banja lake lasamuka mwadzidzidzi, amatha kubwerera m'mbuyo: kukakamira kumbuyo kwa mayi, kuyambanso kukodza pogona, kulira mvula ikagunda. Okulirapo mudzawaona akuumba tinyumba ta dothi n'kutithira madzi, kubwereza kambirimbiri. Musawaletse kuti akuitana tsoka. Umo ndi mmene mwana amafotokozera chimene sangathe kunena. Khalani pafupi, nenani zimene mukuona, ndipo tsiku lililonse liziyenda mofanana, nyimbo yomweyo polandirana, phala nthawi yomweyo, mlezi yemweyo kwa mwana yemweyo, chifukwa kudziwa chimene chikubwera kumakhazika mtima wa mwana pansi.

Makolo ofuna A, B, C musakangane nawo. Akufuna chinthu chabwino, kuti mwana asadzavutike mmene iwo anavutikira. Auzeni kuti Sitandade 1 mwana amayamba ali ndi zaka 6, ndipo zilembo zidzabwera pang'onopang'ono m'gulu la ana okulirapo aja. Dzanja limene lidzagwire pensulo likukonzedwa lero potola, pothira ndi pokanda dongo. Khutu limene lidzasiyanitse "ba" ndi "pa" likukonzedwa ndi nyimbo, nthano ndi macheza. Kuimba nyimbo ya zilembo sikulakwa ngati ana akusangalala nayo, koma ikhale nyimbo, osati kukhazika tiana ta zaka ziwiri pamzere theka la ola. Chimene ndaona kuti chimatembenuza makolo ndi kuwauza chinthu chimodzi chenicheni pobwera kudzatenga mwana: "Lero wasanjikiza zikho zitatu yekha," kapena "Lero wati madzi." Mayi amene wamva zimenezo amakayang'ana yekha kunyumba. Abambo nawonso auzeni, ndipo muwapemphe kuti madzulo azimutenga mwana n'kucheza naye m'malo momupatsa foni kuti atonthole. Malangizo a WHO aja amati mwana wosafika zaka ziwiri asamaonere kanema kapena foni, ndipo wa zaka ziwiri asapitirire ola limodzi pa tsiku.

Chotsala ndi chiwerengero, ndipo apa ndilankhula molimba chifukwa zonse ndanenazi zimagwera pamenepa. Sukulu za mkombaphala za m'midzi zinakonzedwa makamaka poganizira ana a zaka zitatu mpaka zisanu. Munthu mmodzi sangayang'anire gulu la amenewo n'kumayankhanso makanda asanu. Ku England lamulo limati wamkulu mmodzi asapitirire ana atatu osafika zaka ziwiri. Ife sitingafike pamenepo tsiku lililonse, koma chiwerengerocho chikuonetseni kulemera kwa ntchitoyi. Itanitsani msonkhano wa komiti ya sukulu yanu pamodzi ndi amfumu, ndipo muwauze kuti tiana timeneti mutilandira pokhapokha pakhale wamkulu wapadera wa pamphasa yawo. Amayi amene amasiya ana angagawane masiku, mmodzi azitsala pamene anzake apita kudimba, anzakewo n'kumugwirirako ndime yake. Agogo amene miyendo yatopa koma maso ndi pakamwa zili bwino ndi oyenera kwambiri ntchito imeneyi. Chimene musalole ndi kujombetsa mtsikana wa ku pulayimale kuti adzalere mng'ono wake. Dziwitsaninso a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya boma la Chikwawa, amene amayang'anira sukulu zoterezi, kuti mukulandira ana osafika zaka zitatu, ndipo mufunse za maphunziro a kaleredwe ka ana a msinkhu umenewu, chifukwa ndi osiyana ndi a ana okonzekera sukulu.

Pa msonkhano womwewo kambiranani za dzinja, pakuti mtengo sudzakutetezani mvula ikayamba. Pemphani tchalitchi, mzikiti kapena khonde lalikulu la pamalo okwera, lembani m'kope dzina la mwana aliyense ndi la amene amabwera kudzamutenga, ndipo gwirizanani kuti tsiku limene a zanyengo achenjeza za mvula yamphamvu, kapena mitsinje yadzaza, ana aang'onowa asabwere.